2^127 − 1 yapereka ziro pa sitepe ya 125

Pulogalamu ya Lucas-Lehmer (njira yoyesera ngati nambala ya mtundu wa 2^p − 1 ndi prime, ndiko kuti siigawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe) imene ndakhala ndikulemba mu C, popanda kudalira GMP (laibulale yowerengera manambala aakulu), tsopano yapereka ziro pa 2^127 − 1, nambala ya madijiti 39 imene Édouard Lucas anatsimikiza mu 1876 kuti ndi prime, akuwerengera pamanja. Mpaka 1951 panalibe prime yodziwika yoposa imeneyi.

Njirayi imayamba ndi nambala s = 4; pa sitepe iliyonse s imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, n'kuchotsapo 2, n'kusunga chotsala ikagawidwa ndi 2^p − 1, ndipo ziro pa sitepe ya p − 2 amatanthauza kuti nambalayo ndi prime. Chimene chinandidyera masiku ndi kuchulukitsa. Pa p = 61 zonse zinkayenda bwino, chifukwa nambala ya mabiti 61 ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imatuluka ya mabiti 122, ndipo imakwanabe mu unsigned __int128, mtundu wa nambala wa mabiti 128. Nditafika pa p = 89 yankho linakana kubwera ziro, chonsecho R. E. Powers anasonyeza kale mu 1911 kuti 2^89 − 1 ndi prime. Kompaila siichenjeza chilichonse: mabiti opitirira 128 amangotayika mwakachetechete, ndipo s imapitiriza ulendo wake ili yolakwika. Pa 127 zotsatira zimafika mabiti 254, kotero ndinagawa s m'zigawo ziwiri za mabiti 64, n'kuchulukitsa chigawo ndi chigawo, n'kusamalira carry iliyonse payokha. Kupeza chotsala sikufuna kugawa konse, popeza 2^p imasiya 1 ikagawidwa ndi 2^p − 1, choncho mabiti apamwamba amangophatikizidwa kwa apansi. Pamenepa pali msampha winanso: chotsala chikhoza kutuluka chofanana ndi 2^p − 1 yeniyeniyo, ndipo chiyenera kuwerengedwa ngati ziro.

Poyesa ngati pulogalamuyi imathanso kukana, ndinaipatsa p = 67, imene Marin Mersenne anaiika molakwitsa pa mndandanda wake wa 1644 wa ma p opereka prime. Inakana moyenera, pakuti 2^67 − 1 ndi 193707721 × 761838257287, monga Frank Nelson Cole anaonetsera mu 1903.

Python imachita zonsezi m'mizere yochepa, koma 2^127 − 1 ndi yoyenera kuivutikira. Ndi ya nambala 12 pa ma prime a Mersenne (a mtundu wa 2^p − 1), ndipo mu binary ndi ma 1 okhaokha 127, kutanthauza kuti ndiyo nambala yaikulu kwambiri yokwana mu __int128 yokhala ndi chizindikiro. Popeza 127 payokha ndi 2^7 − 1, nambalayi ndi Mersenne yobwereza kawiri, komanso ndi yachisanu pa mndandanda wa Catalan umene umayamba 2, 3, 7, 127, pomwe nambala iliyonse imakhala p ya yotsatira. Ikagawidwa ndi 4 imasiya 3, choncho singalembedwe ngati kuphatikiza kwa masikweya awiri, ndipo ikachulukitsidwa ndi 2^126 imabala perfect number (nambala yofanana ndi kuphatikiza kwa manambala onse ang'onoang'ono oigawa ndendende). Mbali ya Catalan ndiyo imandikopa koposa, chifukwa yotsatira pa mndandandawo, yomwe exponent yake ndi nambala yathu yomweyi, ndi yaikulu moti Lucas-Lehmer singaiyese pa kompyuta iliyonse imene ilipo.

Prime ya Mersenne yotsatira 2^127 − 1 ndi 2^521 − 1, imene Raphael Robinson anaipeza pa kompyuta ya SWAC mu 1952, ndipo imeneyo ifuna kuti zigawo zikhale mu array. Zikatheka ndilemba kuchulukitsa kwanga kwa FFT (njira yochulukitsira manambala aakulu mofulumira), kuti ndione ngati laputopu iyi ingayandikire liwiro la Prime95, pulogalamu yosakira ma prime a Mersenne, pa ma exponent a mamiliyoni.