Kufufuza kumene dzina la banja lathu linachokera

Ntchito yofufuza mbiri ya agogo awo a bambo anga, amene anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la atsamunda a ku Britain) pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndaimaliza tsopano ndipo mtima wakhala pansi. Inu amene mukufuna kuyamba ntchito yotereyi, musanyamuke ndi dzina la banja lokha. Yambani mwakhala pamphasa ndi agogo aakazi kumudzi, muwafunse mfunda wa munthuyo, mudzi wake ndi mfumu ya nthawi imeneyo, chifukwa alembi a atsamunda ankalondola munthu potsata mudzi ndi mfumu, pamene dzina ankalilemba monga momwe khutu lawo lamvera.

Ku National Archives muno mu Zomba, komwe anayamba kusunga zolemba zakale mu 1947, ndinathandizidwa bwino, koma dziwani kuti moto umene unatentha maofesi a boma mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ofesi ya mpingo wina kumene kuli buku lakale la ubatizo. Mlembi wa kumeneko analandira ndalama yofufuzira osandipatsa lisiti, ndipo ataiika m'thumba ndi pamene anandiuza kuti kiyi wa kabati wapita ndi munthu wina kumaliro. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndalama ya minibasi itapita pachabe. Tsiku limene ndinabwererako ndinapeza kuti bukulo silinali m'kabati n'komwe, linali m'katoni pansi pa denga lodontha, masamba akumapeto atadyedwa ndi chiswe, inki itafalikira ndi chinyezi. M'buku limenelo muli mayina a makolo a anthu ambirimbiri, ndipo zimandiwawa kuti lasungidwa motero. Musapereke ndalama musanalione buku ndi maso anu, ndipo mukaliona jambulani tsamba lililonse ndi foni nthawi yomweyo.

Ndisanaiwale, ndinayamba ndapita pa chipilala cha KAR pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe Barracks muno mu Zomba, koma pamenepo panalembedwa amene anafera kunkhondo, pamene wathuyu anabwerako wamoyo.

M'buku la ubatizo lija ndinamupeza chifukwa cha mudzi wake, pakuti dzina limene analembedwa nalo linali lachikhristu lomwe ife sitinkalidziwa. Azakhali a bambo anga ndiwo anamasula zotsalazo. Iwo anati: "Mwanawe, dzina limene mumalembetsa kusukululi ndi udindo wake wa kuusilikali, anthu ankangomutchula nawo atabwerako. Iye anali Mbewe." Umu ndi momwe mayina monga Sajeni ndi Kapitawo anasandukira mayina a mabanja.

Ndikubwerezanso kuti mutenge dzina la mudzi ndi la mfumu musanakwere galimoto kupita ku ofesi iliyonse, ndipo okalamba muwafunse chaka chino akadali ndi mphamvu zofotokoza.