Fomula ya if yolowetsana mu Revit: pamene imanama mwakachetechete

Phunziro la sabata ino linali la mafomula a if olowetsana (if wina mkati mwa mnzake) mu Revit, pulogalamu yojambulira mapulani a nyumba. Mafomulawa amalembedwa pa windo la Family Types, pomwe timaika miyeso ya family, kutanthauza chinthu monga chitseko kapena zenera. Chimene ndatolapo n'chakuti fomula imene Revit waikana siopsa. Yoopsa ndi imene wailandira koma ikupereka yankho lolakwika.

Titenge chitseko chimene mahinjesi ake azichuluka malinga ndi kutalika kwake:

if(Kutalika < 2100 mm, 3, if(Kutalika < 2400 mm, 4, 5))

Revit amawerenga kuchokera kumanzere, ndipo akangopeza funso loyamba limene yankho lake ndi inde, amaima pomwepo. Ndiye chitseko cha 2100 mm ndendende chigwera pati? Sichochepera 2100, choncho chilumpha n'kulandira mahinjesi 4 pomwe timafuna 3. Palibe uthenga wochenjeza, mudzangoona manambala atakwera pa schedule, tebulo lowerengera zipangizo.

Chizindikiro cha <= mu Revit mulibe. Ena amalemba not(Kutalika > 2100 mm), ndipo zimagwira, koma ma not akachuluka maso amatopa. Kwa ine bola kuitembenuza fomulayo, kuyambira pamwamba kutsika:

if(Kutalika > 2400 mm, 5, if(Kutalika > 2100 mm, 4, 3))

Apa 2100 igwera pa 3 bwinobwino. Koma mukasemphanitsa, n'kuyamba ndi 2100 kenako 2400, nambala 5 sidzatuluka mpaka kalekale, chifukwa chitseko cha 2500 mm chakodwa kale pa funso loyamba.

Zolakwa zimene Revit amadandaula nazo sizichedwetsa. Uthenga wa Inconsistent Units umabwera mukasakaniza mitundu, monga nthambi ina ya if kupereka utali pamene parameter yake (malo osungira yankholo) ndi Integer, nambala yathunthu. Gawani utaliwo ndi 1 mm, utsale nambala chabe. Dzina la parameter lilembedwe monga liliri: Kutalika ndi kutalika kwa Revit ndi zinthu ziwiri. Werenganinso mabulaketi, if aliyense ali ndi lotseka lake kumapeto. Pa parameter ya Yes/No if ndi wosafunika, ingolembani Kutalika > 2400 mm basi.

Ma if akapitirira anayi, aduleni. Pangani parameter yapakati, mwachitsanzo Wamtali, isunge funso limodzi, fomula yaikulu izingoitchula dzina.

Poyesa musamangoika 2000 ndi 2300, manambala apakati sagwira wakuba. Ikani 2099, 2100, 2101, kenako 2400 ndi 2401, mukudina Apply pa nambala iliyonse, musanailowetse family mu polojekiti.