Mmene tinapezera morphine wa mayi wodwala khansa m'mudzi mwathu

Botolo la morphine, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, lafika tsopano, ndipo mayi amene ndimawayendera ayamba kugona usiku. Ndikulemba mtima usanaphwe, kuti anzanga amene mumathandiza odwala m'midzi musadzazunzike mmene tazunzikira ife. Ine si namwino. Ndili m'gulu la amayi a Mvano amene timasamalira odwala pakhomo, ndipo gawo langa ndi kuyenda ndi buku la kuchipatala la munthu amene miyendo yamukana.

Mayiwa ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri kuno ku Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Anawapeza nayo mochedwa. Kuchipatala chachikulu anawatulutsa ndi botolo limodzi la morphine wamadzi, ndipo m'buku analemba kuti azikalandira wina kuchipatala cha pa boma pathu. Botololo litatha, apabanja anayesa panado ndi brufeni, koma ululu wa khansa sumva zimenezo. Ndi pamene anandiitana.

Dziwani kaye kuti morphine simungamupeze pagolosale, ndipo ngakhale kufamase simungangofika ndi ndalama n'kutuluka naye. Lamulo limati asungidwe m'kabati yokhoma, imene achipatala amaitcha ya DDA, ndipo botolo lililonse lotuluka limalembedwa m'kaundula ndi kusayinidwa. Lamulolo ine sindilitsutsa. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu samusunga, choncho kumeneko musatayeko nthawi, kupatula kukaonana ndi mlangizi wa zaumoyo kuti akupatseni nambala ya namwino wa pa boma wa palliative care, ndiko kuti chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachizika. Nambala imeneyo ndiye chinthu choyamba. Imbani musanakwere chilichonse.

Tsiku limene likundiwawabe ndi Lachisanu lina limene tinapita nawo kuchipatala cha pa boma. Tinachita hayala galimoto chifukwa mayiwa sakanatha kukhala pa kabaza, tinawagoneka pa matiresi kumbuyo, ndipo bampu iliyonse ankakuwa mpaka dalaivala anayamba kuyenda ngati wanyamula mazira. Tinafika m'mawa. Dokotala anawaona bwino, analemba mankhwala, tinasangalala. Titafika pawindo la famase anatiuza kuti amene amasunga kiyi wa kabati ija wapita ku maphunziro kunja kwa boma, ndipo kiyi wapita naye. Morphine analipo. Sanathe, analipo ndithu, kuseri kwa chitseko chomwe ndinkachiona ndi maso angawa.

Ndinapita kwa namwino amene ndinamupeza pafupi. Ndinati, "Anesi, mayiwa akhala akulira usiku wonse, palibe wina amene angatitsegulire?" Iwo anati, "Pepani amayi, tilibe mphamvu imeneyo. Mubwere Lolemba." Sindikuwada anesiwo, nkhope yawo inkaonetsa kuti nawonso zawakhudza. Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti chipatala chonse chathunthu, chosamalira boma lonse, chingapachike mankhwala a anthu amene ali pa ululu woopsa m'thumba la munthu mmodzi. Kodi akanadwala iyeyo, kapena kukagwa maliro kwawo? Lachisanu kufika Lolemba kwa munthu wabwinobwino si nthawi yaitali, koma kwa mayi amene sangathe ngakhale kutembenuka pamphasa ndi masiku owerenga ola lililonse. Tinawanyamulanso pa msewu womwe uja, ndalama ya hayala yomwe amayi a mumpingo anasonkha itapita pachabe, ndipo ululu utawonjezeka ndi ulendowo. Mwana wawo wamkazi sanayankhule njira yonse.

Mwa ichi ndikuti, wodwala musamunyamule pokhapokha achipatala atanena kuti akufuna kumuona. Atamulembetsa kale ku palliative care, funsani ngati gadiyani angamakatenge mankhwala ndi buku lokha. Kwathu anavomera. Lolembalo ndinapita ndekha pa minibasi, ndipo ndinayamba ndaimba foni kufunsa zinthu ziwiri: mankhwala alipo, nanga wa kiyi alipo? Funsani zonse ziwiri, chifukwa yankho la funso loyamba lokha silikuthandizani.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono. Mukafika, musaime pamzere wa odwala onse uja. Funsani chipinda cha palliative care, ndipo funsaninso masiku amene amaona odwala, chifukwa m'zipatala zina si tsiku lililonse. Amene muli kufupi ndi Blantyre, kuchipatala chachikulu cha Queens kuli Tiyanjane, ndipo ku Salima kuli Ndi Moyo, malo amene ntchito yawo ndi yomweyi yochepetsa ululu ndi kusamalira odwala matenda osachizika.

Za ndalama. Morphine kuchipatala cha boma salipiritsa, ndipo wina akakuuzani kuti muponyepo kangachepe mukane. Koma morphine sayenda yekha. Amamanga m'mimba, ndiye pamafunika mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl, ndipo amenewo anali atatha. Metronidazole amene anatilembera kuti achepetse fungo analinso atatha. Zonsezo n'zokagula, pamodzi ndi magolovesi, sopo, thonje ndi pepala la pulasitiki loyala pogona. Mankhwala ambiri m'dziko muno amachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya m'mafamase siigwirika kwa banja lodalira ganyu. Ndinayenda mafamase angapo pa boma pomwepo ndipo mankhwala amodzi omwewo mitengo inali yosiyana kwambiri. Pemphani dokotala alembe dzina lenileni la mankhwalawo, osati dzina la kampani, kenako pa kauntala funsani otchipa a mtundu womwewo. Chipatala cha mishoni chili kufupi ndi kwathu kuposa cha boma, koma zipatala za mipingo zimenezi, za CHAM, zimalipiritsa, ndipo banjali linali litagulitsa kale mbuzi zonse nthawi imene mayiwa anali kuchipatala chachikulu.

Mavenda a pamsika adzakuitanani. Musagule. Mapilitsi aja amakhala padzuwa tsiku lonse, ena tsiku lake linadutsa, ena ndi omwe anabedwa m'zipatala za boma zomwezo zimene zikutibweza kuti mankhwala atha.

Ndalama ya thandizo ikamabwera pa Mpamba kapena Airtel Money kuchokera kwa achibale a kutauni, gulani kope, lembani tambala iliyonse, ndipo malisiti muzimata momwemo. Munthu wothandiza ndi amene amayamba kukayikiridwa pakhomo pa wodwala, ndipo kopelo ndi limene limakuyankhirani.

Vuto lina linandidikira kumudzi botolo litafika. Alongo awo a mayiwa anakana kuti asamwetsedwe, ati morphine ndi mankhwala otsiriza munthu. Ndinati, "Achimwene, tiyeni tiwaimbire anesi mumve nokha." Namwinoyo anawafotokozera modekha kuti akamwedwa pa muyeso umene dokotala walemba sapha, amangochotsa ululu kuti munthu adye, agone, acheze ndi ana ake. Anatsindikanso kuti amamwedwa potsata wotchi, maola 4 alionse monga analembera, osati kudikira kuti ululu ubwerere kaye. Tinatchera alamu pafoni ya mwana wawo. Dziwaninso kuti morphine wamadzi alipo wa mphamvu ziwiri, wochepa ndi wamphamvu kwambiri, ndiye mukalandira botolo latsopano musachoke pawindo musanafunse ngati ndi lofanana ndi lakale ndiponso muyeso wake pa sirinji. Kunyumba likhale pamwamba, kutali ndi ana.

Nkhani ya kiyi ija sindinaisiye. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, yolandira madandaulo a odwala, ndipo anthu ambiri akumudzi sadziwa kuti iliko. Ndinakafotokoza zonse, tsiku lake ndi zimene tinauzidwa, osatukwana munthu. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti wosunga kiyi akamachoka azisiyira mnzake wovomerezeka. Analemba dandaulo langa ndipo anatenga nambala yanga. Inunso zikakuchitikirani kadandauleni, chifukwa likakhala dandaulo la mayi mmodzi wa Mvano n'losavuta kuliiwala.

Pa botolo lathu ndajambula mzere ndi cholembera pamene patsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mankhwala akafika pamzerewo ndimaimbira anesi tsiku lomwelo, ndipo ulendo ndimaukonza kumayambiriro kwa sabata, osati Lachisanu.