Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Miyendo ya ku Lilongwe, lamba wa pa Santhe

M'gawo lapitali tinalekezera pomwe ananditulutsa m'chipatala, miyendo yonse iwiri ataidula m'munsi mwa mawondo, mkono wamanja ataudula m'munsi mwa chigongono. Abale kumudzi ankayesa miyendo yopanga ndikangotenga ngati nsapato za pa kaunjika. Sizitero ayi.

Podulidwapo pamatupa, ndiye pamafunika paphwe kaye. Dokotala wa mafizo anaphunzitsa mayi akunyumba kukulunga bandeji mopingasa, yothina kunsonga, yomasukirako chakumtunda. Ine anandilamula kuwongola mawondo tsiku ndi tsiku, chifukwa bondo likauma lili chopindika, mwendo wopanga sukhala bwino. Usiku zala zakuphazi, zomwe kunalibe, zinkandiyabwa koopsa. Azakhali anagwetsa nkhope: "Mwana wa achimwene, izi n'za anthu, tiyeni tikaombeze." Adokotala atamva anangomwetulira, nati ndi ubongo ndi mitsempha zomwe zikukumbukabe phazi, ndipo odulidwa ambiri amamva zomwezo.

Miyendo ndinakayezetsa pa Kamuzu Central, ku malo opangira ziwalo zopanga omwe bungwe lachifundo lotchedwa 500 miles linakhazikitsa. Kumeneko n'komwe ndinamva kuti amene anayambitsa bungweli, Olivia Giles, loya wa ku Scotland, nayenso anadulidwa manja ndi mapazi mu 2002 atadwala matenda oumitsa khosi. Mtima unakhalako pansi. Anandikulunga chikhakha kuti atenge maonekedwe a mwendo, kenako n'kuumbirapo pulasitiki yotenthetsa mu uvuni. Chimatulukacho amati soketi, momwe mumalowa mwendo wodulidwawo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Thupi silitsamira kunsonga komwe kuli chipsera, limatsamira pa mtsempha wa m'munsi mwa bondo ndi m'mbalimu. Ikakhwepa pang'ono umaonjezera masokosi. Ikakhwepa kwambiri, kaya yakupweteka mpaka chilonda, ndi ulendo wa minibasi mu M1 kubwerera ku Lilongwe. Thiransipoti imeneyi ndi imene inatidyera nkhuku zambiri.

Kuyenda pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira n'kwa anthu a manja awiri. Ine ndinkagwira kumanzere kokha, kumanja ndikutsamira ndi chigongono, thukuta kamukamu.

Komabe mukandifunsa chomwe chinandibwezera ulemu, ndiyamba kutchula mpando wa kuchimbudzi. Munthu wa miyendo yopanga iwiri kunjuta pa dzenje n'kosatheka, ndipo bambo wa ana atatu kumanyamulidwa ndi mkazi wake m'mawa uliwonse, anansi akusesa panja, zimawawa kuposa bala. Alamu anga ndi akalipentala. Anakhoma mpando wa matabwa wobowola pakati, anakulitsa khomo, nazika mtengo wa bulugamu wogwirira kumanzere. Tsiku lomwe ndinatseka chitseko ndekha ndinakhalitsamo dala.

Za mkono, wokonza nsapato wina pa Santhe anandisokera lamba wachikopa wokhala ndi kathumba kolowetsamo supuni, bolopeni kapena mswachi, motsatira chithunzi chomwe a mafizo anandijambulira papepala. Ndimamanga ndi dzanja lamanzere ndi mano. Phala ndi mpunga ndimadyera pamenepo. Nsima yokha ndiyo inakana supuni. Ndimatema ndi lamanzere, ndipo pa maliro ena agogo ena anandiyang'ana cham'mbali mpaka ataona mkono wa malaya uli lende. "Pepani bambo, idyani," anatero, n'kundikankhira mbale ya ndiwo kufupi.

Mwezi wa October kuno kumatentha, soketi imadzaza thukuta, khungu n'kuyamba kunyuka. Masana ndimavula miyendo, kupukuta, kuyang'ana ndi kagalasi ngati pali pofiira, n'kukhala pa wilutcheya mpaka dzuwa lipendeke, ngakhale mumchenga wathuwu kuipalasa ndi dzanja limodzi imangozungulira pamodzimodzi. Gawo likubwerali ndidzakamba za benchi ya Airtel Money yomwe ndinatsegula pamsika, ndi mmene ndinaphunzirira kuwerenga ndalama ndi zala zisanu.