Kachilombo kanga ka miyendo 12

Amwene, ndamva momwe nkhaniyi ikuyendera ndipo sindikukondwa nazo. Ena mukuti ndinalira. Ena mukuti ndinakomoka mpaka anachita kundithira madzi. Bodza lokhalokha. Ine ndinangokhala pansi mofulumira, kungoti pamalo pamene ndinasankhapo panalibe mpando. Tsono musanaithire mchere wina, imvani kwa mwini wake.

Amene simunalowepo mu labu yathu, dziwani kuti ma thrips ndi tizilombo toti mukayetsemula pafupi nato ntchito ya sabata yonse yauluka. Tambiri sitipitirira mamilimita awiri. Timapiko take ndi timizere topyapyala tokhala ndi ubweya m'mbali. Padziko lonse pali mitundu yoposa 6,000 yodziwika, ndipo yonseyo ili m'gulu limodzi lotchedwa Thysanoptera, dzina lomwe katswiri wina, Haliday, anapereka mu 1836. Gululi linagawidwa pawiri, ndipo pogawapo akatswiri sayang'ana nkhope. Amayang'ana kumbuyo. Inde, kumatako. Anthu ophunzira, a madigiri awo, moyo wonse ali pa matako a kachilombo.

Mbali imodzi kuli Terebrantia. Kakakazi ka mbali imeneyi kali ndi kasowo kunsi kwa mimba, kamene kamachekera tsamba n'kulowetsamo dzira. Kumeneku kuli mabanja 8, ndipo lalikulu ndi Thripidae, la mitundu yoposa 2,000, momwe muli zigawenga zodziwika zija monga Frankliniella occidentalis yofalitsa mavairasi ku mbewu. Mbali inayo kuli Tubulifera. Awa alibe sowo. Mimba yawo imathera m'kapaipi, ndipo mazira amangowasiya pamwamba. Banja ndi limodzi lokha, Phlaeothripidae, koma ladzaza ndi mitundu yoposa 3,500, yambiri yodya nkhungu pa nthambi zouma ndi m'masamba ovunda. Lamulo lake ndi losavuta: sowo kapena paipi. Kachilombo sikakhala nazo zonse ziwiri.

Kanga kanali nazo zonse ziwiri.

Unali madzulo, anthu onse ataweruka. Ndinali nditamaliza mwambo wonse uja: kuviika tizilombo mu sodium hydroxide kuti tiyere mkati, kutitsuka, kutidutsa mu sipiriti wosiyanasiyana kuti madzi achoke, kenako mafuta a clove, pomaliza kadontho ka Canada balsam, utomoni womatira, pa kagalasi. Amene munayesapo kutambasula mapiko a thrips ndi kasingano mukudziwa kuti pofika pamenepa munthu umakhala utasiya kupuma bwinobwino. Ndinaika kagalasi pa maikulosikopu. Kachilombo kakuda, kooneka bwino, ka Phlaeothripidae. Paipi ili apo, yowongoka. Ndinasuntha pang'ono kuti ndione timizere ta mimba, ndipo pamenepo, paipi isanayambe, panali sowo. Mano ake ali ndanda, wopindikira pansi monga amakhalira wa Thripidae.

Ndinapukuta maso. Ndinapukuta lenzi. Ndinazimitsa nyale n'kuyatsanso. Sowo ali pompo, akundidikira.

Apa mundimvetse, chifukwa ndi pamene ena mumaseka osadziwa kanthu. Funso la ubale wa magulu awiriwa lavutitsa akuluakulu kwa zaka zambiri. Ena ankati Tubulifera ndi Terebrantia ndi nthambi ziwiri zimene zinasiyana kalekale kuchokera pa tsinde limodzi. Ena ankaganiza kuti a Phlaeothripidae anatuluka mkati mwenimweni mwa Terebrantia, pafupi ndi Thripidae, n'kutaya sowo m'njira; ankaloza ngakhale kabanja kakang'ono ka Panchaetothripinae, momwe tizilombo tina tili ndi kumbuyo kotalikirapo kofanana ndi paipi. Mu 2013 kunatuluka kafukufuku wa DNA wa mitundu 99 amene anasonyeza kuti magulu awiriwa ndi osiyana ndithu, lililonse ndi kholo lake. Anthu anapumira m'mwamba. Ndiye taganizani mnyamata wosauka ngati ine, ndili ndekha mu labu, ndikuyang'ana kachilombo kamene kangathe kudzutsa mlandu wonsewo. DNA ikunena zake, koma sowo ndi paipi zili pa kagalasi kanga, m'thupi limodzi.

Usiku umenewo sindinagone. Pofika m'bandakucha ndinali nditapeza kale dzina. Ndikudziwa kuti si ulemu munthu kutcha kachilombo dzina lake lomwe, choncho ndinadzichepetsa: ndinatenga theka lokha la dzina langa n'kuphatikizapo thrips kumapeto. Ndinayeserera kulitchula pagalasi. Ndinaganizira zoti ndikadzaitanidwa ku Canberra, ku Australia, kukakumana ndi a Laurence Mound, katakwe wa tizilomboti, ndidzawagwira chanza mofatsa, osaonetsa kuti ndabwera kudzawakonzera mabuku. Ndinafika posankha malaya.

Mwina mukufunsa za miyendo. Aliyense amafunsa za miyendo. Inde, ndinaona tinthu tina totuluka m'mbali mwa mimba, pamalo pamene kachilombo kaulemu sikakhala ndi kanthu. Ndinalemba m'kope kuti ndi zinyalala zimene zinalowa mu balsam. Zinyalala zokhala ndi mawondo. Koma musanandiweruze, dziwani kuti thrips ndi kachilombo kamene kamakuphunzitsa kusakhulupirira masamu. Chaka changa choyamba ndinataya tizilombo tambirimbiri poganiza kuti ndatithyola nsagwada, chifukwa kalikonse ndinkakapeza ndi nsagwada imodzi, yakumanzere. Kenako ndinauzidwa, pamaso pa anthu, kuti ndi mmene tinabadwira: yakumanja imafota kachilombo kakadali m'dzira. Tamphongo timaswa kuchokera m'mazira osakumana ndi umuna, tilibe bambo. Kumapazi kuli katumba kamene kamafufuma kakafuna kugwira pamalo poterera. Ku Australia kuli ena okhala m'zotupa za mitengo ya Acacia amene amabereka asilikali olondera pakhomo. Tsono kachilombo ka nsagwada imodzi, kopanda bambo, koyenda pa timabaluni, mukufuna ine ndidabwe ndi miyendo ingapo yapadera?

Pa msonkhano wathu wa mlungu ndi mlungu ndinakweza dzanja anthu asanakhazikike n'komwe. Ndinati, "A Profesa, ndili ndi kanthu kakang'ono." Ndinanena kuti kakang'ono dala, kuti mbiri idzandikumbukire ngati munthu wofatsa. Ndinalumikiza maikulosikopu ku pulojekita. Ndinayamba ndi Haliday. Ndinadutsa m'mabanja onse, limodzi ndi limodzi, mpaka Aeolothripidae a tinyanga ta mfundo 9 ndi sowo wopindikira m'mwamba. Ndinatchula mafupa akale, kapena kuti zotsalira za m'miyala, za nyengo yakalekale ya Triassic. Ndinalankhula ndi manja. Kenako ndinayatsa chithunzi, paipi ndi sowo zonse pakhoma, zazikulu ngati chitseko, n'kunena mawu amene ndidzawamvabe ndili m'manda: "Ndikuganiza kuti tiyenera kuyambiranso."

Chipinda chinati zii. Ndinaganiza kuti ndi mantha aulemu.

A Profesa anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya mpango wawo, n'kuvalanso. Anadzuka mosafulumira. "Achimwene, tasunthani pang'ono ndioneko."

Pa maikulosikopu pali timawilo tiwiri. Kakakulu kamakweza ndi kutsitsa kwambiri, kakang'ono kamayenda pang'onopang'ono, kukulowetsani m'kati mwa chinthu, nsanjika ndi nsanjika. Ine ndinali nditaima pa nsanjika imodzi kuyambira dzulo lake, chifukwa pamenepo ndi pamene zinkaoneka bwino. A Profesa anagwira kawilo kakang'onoko ndi zala ziwiri.

Anapotoza.

Pakhoma, paipi yanga inayamba kuchita chifunga. Sowo anawala kwambiri, ndipo mtima wanga unati eya, aone okha. Anapotozanso. Zinyalala zija zinayamba kuoneka bwino. Choyamba chinatulutsa ntchafu. Chachiwiri chinatulutsa phazi. Munthu wina kumbuyo anayamba kuwerenga motsitsa mawu, koma m'chipinda chachete mawu otsitsa amamveka ngati belu: seveni, eyiti, naini. Ine ndinali ndikumwetulirabe. Sindikudziwa chifukwa chake. Nkhope inangokana kulandira uthenga.

Anapotozanso, ndipo anasuntha kagalasi kukwera kumtunda. M'kati mwa mimba ya kachilombo kanga munayamba kutuluka kanthu kowonda, ka mfundomfundo. Kenako kena pambali pake. Tinyanga. Tinyanga tiwiri, m'mimba. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwina kanameza kanzake," ngakhale ndikudziwa bwino lomwe kuti thrips sameza kanthu, amangoboola n'kuyamwa. Palibe anandiyankha. A Profesa anali kuwerenga mfundo za tinyangato ndi nsonga ya cholembera pakhoma, modekha, ngati munthu amene alibe kwina kopita: imodzi, ziwiri, zitatu, mpaka 7.

Ndiye anapotoza komaliza, ndipo unatuluka mutu.

Amwene, mutu wathunthu. Maso awiri. Unachita kutuluka m'chifunga muja pang'onopang'ono, kuyamba ndi chipumi, n'kudzaima pakhoma kundiyang'ana ine. Osati a Profesa, osati wowerenga miyendo uja, ine. Kachilombo kakufa, koviikidwa m'mankhwala, kouma m'balsam, koma nkhope yake inali ya munthu amene wakhala akumva zonse zimene ndimalankhula pagalasi usiku uja. Tinayang'anizana. Ndikhoza kulumbira kuti panadutsa chaka. Kunja kunagwa mvula n'kukata, ana anabadwa n'kuyamba sukulu, ife tikuyang'anizanabe. Ndipo a Profesa, mwina pofuna kutsimikiza, mwina pofuna kundimaliza, anabweza kawilo kaja. Mutu unalowa. Anapotoza. Unatuluka. Kulowa. Kutuluka. Kachilombo kakusuzumira ngati mwana wobisala kuseri kwa siketi ya mayi ake.

"Ndi tiwiri," anatero. "Kena kagona pansi pa kanzake."

Mkulu wathu wosamala zipangizo, bambo wachifundo amene sanandilakwirepo, anafuna kundipulumutsa. "Kapena tizilomboti timakwatirana, a Profesa? Zikatero ndiye kuti mwanayu wapezabe kanthu." Ndinamuyang'ana ndi maso othokoza. A Profesa anasuzumiranso. "Tonse ndi takazi, bambo." Ndipo anawonjezera, mosafunsidwa, kuti kapansiko ndi ka mtundu umene m'madera ambiri umaswana popanda ngakhale kamphongo.

Ndipo apa ndi pamene panandipweteka kwenikweni. Kakanakhala kachilombo kosowa, bwenzi nditatolapo kaulemu. Koma anayang'ana tiubweya ta pamutu, anayang'ana mzere wa timinga pa chigawo cha 8 cha mimba, kuona kuti uli kumbuyo kwa kabowo kopumira monga zimakhalira ku fuko la Thrips, osati kutsogolo monga kwa Frankliniella, anayang'ananso zina ziwiri zitatu, n'kunena kuti, "Thrips tabaci." Kachilombo ka pa anyezi. Kopezeka pafupifupi kulikonse kumene munthu anadzalapo anyezi. Katswiri wina, Lindeman, anakalemba kale mu 1889. Ndinachedwa ndi zaka zoposa 130 zokha.

Pamenepo ndi pamene ndinafuna mpando.

Tsono ndinene zanga. Choyamba, kaburashi kotolera tizilombo mu labu muja ndi kamodzi, ndipo pali munthu amene amagwira za anyezi amene sakatsuka. Sindimutchula, akudzidziwa, ndipo ndi yemweyo amawerenga miyendo. Chachiwiri, kachilombo koyera kakamatirira pansi pa kakuda, mutu ndi mchira zitaloza mbali imodzi, sowo n'kugwera ndendende pamene sowo akanakhala, amenewo si matsoka wamba. Yesani kuchita dala muone ngati mungathe. Ine ndinayesa pambuyo pake, pofuna kuonetsa kuti zingagwere aliyense, ndipo tinakana kugonerana.

Chachitatu, musamayankhule ngati nkhani ya mabanja a ma thrips inatha kale ndipo ine ndekha ndiye ndinasokoneza. Banja la Uzelothripidae lili ndi mtundu umodzi wokha wamoyo, Uzelothrips scabrosus, ndipo akatswiri avutika nako kuti akakhazike pati. Banja lathunthu, kachilombo kamodzi. Katswiri wa ku India, Bhatti, anagawa gulu lonseli m'mabanja pafupifupi 40, pomwe ambiri amawerenga 9, ndipo palibe amamuseka pa msonkhano wa Lolemba. Kafukufuku wa DNA yemwe uja anapezanso kuti kabanja ka Thripinae, momwe muli mitundu yambiri ya Thripidae, si mbumba ya kholo limodzi yokhayokha: ndi thumba loponyamo aliyense amene wasowa kolowera. Ngati akuluakulu amaunjika tizilombo tosiyana m'dzina limodzi n'kumalandira ulemu, ine ndinangochita zomwezo ndi tiwiri. Kusiyana kwake n'koti ine ndinatiunjika pamaso.

Ndinanena zimenezi kwa a Profesa tsiku lotsatira, mwaulemu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anagwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndamaliza kutsuka timagalasi.

Kagalasi kaja sanakataye. Akuti n'kothandiza pophunzitsa a chaka choyamba kugwiritsa ntchito kawilo kakang'ono, ndipo kali m'bokosi la zophunzitsira, pamwamba penipeni. Winawake analembapo ndi pensulo kuti Mapasathrips, ndiye dzina limene mukundiitana nalo m'makonde lija, ngakhale silitsata malamulo a katchulidwe ndipo ndikhoza kukufotokozerani chifukwa chake mutakhala ndi nthawi. Ndinapempha kuti pa lebulo alembepo dzina langa ngati wotola, poti mwambo wake ndi umenewo. Anavomera msangamsanga, mwina msanga kwambiri. Malaya aja ndinagula ndithu, ndi abwino, kungoti manja ake ndi aatali pang'ono.