Khonde la miyala ndi tsiku limene ndinaliwononga pa benchi ya ofesi

Mvula yoyamba itagwa sabata yatha ndinaimirira pakhomo n'kumayang'ana madzi akutsetsereka pa khonde lathu latsopano kupita kubwalo, ndipo m'pamene mtima wanga unakhala pansi mokwanira kuti ndilembe zimene ndinadutsamo. Timakhala chakumtunda kwa Chitakale, kumene chinyezi sichichoka m'makoma chaka chonse. Khondelo ndi la mamita 9 mulitali ndi mamita 2 mulifupi, ndipo kwa zaka zambiri linali la simenti yopaka polishi wofiira, kufikira simentiyo inayamba kufumbutuka m'mphepete. Nditalandira ndalama zanga zopumira ntchito ya uphunzitsi ndinatsimikiza kuti sindidzagwadanso ndi chitini cha polishi. Matailosi sindinawafune, chifukwa ndinaona mmene amaterera kwa mchemwali wanga ku Luchenza nthawi ya chiperoni, choncho ndinasankha miyala yachilengedwe, yaphanthiphanthi, yoyala ngati mphasa.

Anthu akutali amaganiza kuti munthu wokhala kunsi kwa phiri la Mulanje amangotola miyala kuseri kwa nyumba. Ndi zoona kuti phirili ndi thanthwe lolimba la mitundu imene akatswiri amaitcha granite ndi syenite, kuchokera ku Chambe mpaka ku Sapitwa, koma lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1927, ndipo kuchotsamo mwala popanda chilolezo ndi mlandu monga mmene ulili kudulamo mtengo. Miyala imene inagubuduka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 n'kudzaza m'minda ndi m'mitsinje ndi yoburungira, ndipo ikaswedwa imathandiza pa maziko kapena ngati kwale wa konkire, osati pansi poyendapo anthu. Ine ndinapeza bambo wina amene amang'amba miyala yaphanthiphanthi m'munda mwake cha kumsewu wopita ku Phalombe, ndipo tinagwirizana mtengo wa lole imodzi.

Ulendo woyamba umenewo ndinachita zinthu mwanzeru, chifukwa mmisiri wanga anandiphunzitsa. Ndinanyamula botolo la madzi, ndimu limodzi ndi msomali. Mwala wouma mukauthira madzi pang'ono n'kudikira mphindi 10 kapena 15, umadziulula wokha: madzi akakhalabe pamwamba ndiye kuti mwalawo ndi wothinana, koma akalowa msanga n'kusiya banga lakuda, dziwani kuti udzamwanso mafuta, tiyi ndi matope a dothi lofiira la kuno, ndipo ndere idzaukonda. Msomali suyenera kusiya mzere wakuya, ndipo mukaugogoda ndi hamala mwala wabwino umalira ngati chitsulo, pamene wokhala ndi mng'alu wobisika umangoti phu. Ndinasankha milu iwiri, ndinaithira madzi, ndinakhutira, n'kupereka theka la ndalama. Thirani madzi pa mwala musanalipire. Uphungu umenewu ndiubwereza, chifukwa ine mwini ndinaulephera pamene unali wofunika kwambiri.

Tsono za tsiku lija la pa benchi ya ofesi. Lole ndinaichita hayala ya tsiku lonse, ndipo m'mawa wa Lachiwiri dalaivala atafika anandiuza mwaulemu kuti, "Amayi, ine sindipakira mwala popanda pepala losonyeza kuti sunachokere m'nkhalango, chifukwa mnzanga anagona pamsewu ndi katundu wotere." Sindinamutsutse, popeza galimoto ndi yake ndipo mlandu ukanagwera iye. Ndinakwera kabaza kupita ku ofesi ina imene sinditchula dzina, ndikuganiza kuti pofika 9 koloko ndikhala nditabwerako.

Pa ofesi yoyambayo anandimvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako anandiuza kuti nkhani ya miyala si yawo, n'kundilozera khomo lina kuseri kwa nyumbayo. Kukhomo lachiwirilo ndinapeza mnyamata amene anandipatsa malo pa benchi nati, "Mayi, bwana angotuluka pang'ono." Mawu akuti pang'ono amenewo anatenga maola anayi. Bwanayo atafika anati pepala lingathe kulembedwa, koma buku la malisiti lili m'kabati yokiya, ndipo mayi wosunga kiyi apita ku banki. Mayiyo atabwera nthawi ya nkhomaliro inali itakwana, ndipo ofesi yonse inatsekedwa ine ndili pabenchi pomwepo, ndi njala, foni ikulira mphindi zilizonse chifukwa dalaivala ndi anyamata anayi opakira anali atakhala pansi pa mtengo wa mango kuyembekezera ine. Chimene chimandipweteka mpaka lero si kudikirako ayi, chifukwa aliyense amene anatsatirapo ndalama za penshoni amaidziwa benchi. Chimene chimandipweteka n'chakuti cha m'ma 3 koloko masana, munthu wachikulire wina amene ankangodutsa anafunsa chimene ndinkadikira, ndipo atamva anati, "Mayi, chilolezo chokumba miyala chimakhala ndi wokumbayo, osati wogula. Inuyo mungotenga lisiti kwa iye, alembepo dzina la mudzi ndi nambala ya chilolezo chake." Anthu atatu anali atamva nkhani yanga kuyambira m'mawa, ndipo panalibe mmodzi yemwe amene anaona kuti n'koyenera kundiuza zimenezi. Nditaimbira wogulitsa uja anayankha mosadandaula kuti pepala lakelo ali nalo m'nyumba, kungoti sindinamufunse.

Choncho lole ndinailipira kawiri, anyamata opakira ndinawapatsa ya nkhomaliro masiku awiri, ndipo Lachitatu dalaivala anali ndi ulendo wina wa ku Limbuli m'mawa, moti kwa wogulitsa tinafika dzuwa litapendeka. Apa m'pamene ndinalakwitsa ndekha. Milu yanga iwiri ija inali itasakanizidwa ndi mulu wachitatu umene sindinauyese, ndipo chifukwa cha kutopa ndi mkwiyo wa dzulo lake ndinangoti pakirani. Botolo la madzi linali m'chikwama changa momwemo. Kutacha, mmisiri atayala miyala pabwalo n'kuitsira madzi ndi ndowa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linada nthawi yomweyo, ndipo ina inali ndi mizere yachikasu ya dzimbiri, chizindikiro chakuti muli chitsulo chimene chidzapitiriza kutuluka mwala ukamanyowa. Anandiyang'ana nati, "Mayi, iyi ndiye simunaithire madzi." Ndinalibe choyankha. Thirani madzi pa mwala uliwonse umene ukukwera m'lole, ngakhale dalaivala akuliza hutala.

Ndaiwala kunena za kukhuthala. Musalole kuti akupakireni miyala yopyapyala ngati mbale pamodzi ndi yokhuthala ngati njerwa, chifukwa mmisiri adzawononga simenti yambiri pofuna kuilinganiza. Ife tinasankha ya masentimita 3 mpaka 4, ndipo yopitirira apo tinaiika pamasitepe. Gulaninso yoposa muyeso wa malo anu, popeza podula ndi girayinda kuti m'mphepete mukumane bwino, zidutswa zambiri zimatayika.

Za kasakanizidwe ka matope mmisiri aliyense amadziwa, ndipo ife tinatsata muyeso wa simenti imodzi ku mchenga inayi, mchenga wake wa kumtsinje wosefa bwino. Zimene ndinaumirira ine ndi zitatu zokha. Pansi pa konkire tinayala pulasitiki wakuda, chifukwa kuno chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka n'kudutsa m'simenti mpaka kufika pamwala. Khonde tinalipendeketsa pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse kulowera kubwalo, ndipo ndinagwira ndekha levulo kuti nditsimikize. Chachitatu, mwala uliwonse unakhala pa matope odzaza pansi pake ponse, osati timilu tinayi ta m'makona monga amachitira amisiri ofulumira, chifukwa mphako yotsala pansi imasunga madzi ndipo mwalawo umadzasweka tsiku limene mudzaikapo thumba la chimanga.

Mkangano wanga ndi mmisiri unabuka pa nkhani ya asidi. Mnyamata womuthandiza ankasiya simenti kuumira pamwamba pa miyala, ndipo nditadandaula mmisiri anati ndisade nkhawa, adzatsuka zonse ndi asidi pomaliza, monga amachitira pa njerwa. Anayesa pakona imodzi ine ndili kumsika, ndipo pamalopo mpaka lero pali banga lachikasu limene silichoka, komanso simenti ya m'mizere ya pakati pa miyala inadyeka n'kusanduka mchenga. Asidi amasungunula simenti, n'zoona, koma amadzutsanso chitsulo chimene chili m'mwala, ndipo pa mwala wokhala ndi laimu amaudya weniweniwo. Kuchokera tsiku limenelo ndinaika ndowa ya madzi oyera ndi siponji pambali pa mnyamatayo, ndipo mwala uliwonse unkapukutidwa simenti isanaume. Ntchito inachedwa ndi masiku awiri, koma sitinagulenso asidi.

Ndimu lija ndinalitchula poyamba linagwira ntchito yake ku Blantyre, osati kumudzi kuja. Ndinkafuna mwala umodzi wosalala woika pambali pa sinki m'khitchini, ndipo m'sitolo imene ndinalowa wogulitsa ankatcha mwala uliwonse wonyezimira kuti marble. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Marble ndi wa mtundu umodzi ndi miyala ya laimu imene imakumbidwa ku Balaka kapena imene inkakumbidwa ku Changalume ku Zomba, ndipo chilichonse chowawasa, kaya mandimu, viniga, tomato kapena madzi a chinanazi cha kuno kwathu, chimauchotsa kuwala n'kusiya chipsera chotuwa chimene sopo sangachotse. Mpeni umaukandanso mosavuta. Granite saopa mandimu ndipo mpeni suulowa. Ndinapempha tizidutswa totsala podula, ndinafinyirapo ndimu, ndinadikira mphindi zingapo n'kupukuta, ndipo kamene kanatuwa ndinakabweza. M'khitchini mophikidwa ndiwo za tomato tsiku lililonse, marble ndi wongodzipweteka naye mtima, ngakhale akongole chotani.

M'sitolo momwemo ndinagula mankhwala otseka timabowo ta mwala, amene amawatcha sealer. Alipo a mitundu iwiri, ndipo wogulitsa sadzakuuzani mukapanda kufunsa. Ena amakhala pamwamba ngati vanishi n'kuwalitsa mwala, koma panja, m'dera lachinyezi ngati lathu, amatsekera madzi m'kati, amatuwa, amasupuka, ndiponso amaterera akanyowa. Ena amalowa m'kati mwa mwala osasintha maonekedwe ake, ndipo chinyezi cha pansi chimathabe kutuluka ngati nthunzi. Ndinatenga achiwiriwa. Simenti imafuna masiku 28 kuti ikhwime, ndipo mwala uyenera kukhala wouma kotheratu musanapake, koma ife tinamaliza kuyala mu Julayi, chiperoni chili pakati, moti mtambo unkatsika m'phiri masiku atatu otsatizana n'kunyowetsa zonse. Ndinadikira mpaka Seputembala. M'masabata amenewo m'mizere munkatuluka ufa woyera ngati mchere, umene umachokera m'simenti madzi akamauma. Musautsuke ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kulowanso. Usesereni ndi bulashi youma mpaka utasiya kutuluka, kenako pakani mankhwalawo ndipo otsala pamwamba muwapukute asanaume.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku n'kosavuta kuposa mmene ndinkaopera. Timasesa kaye mchenga, chifukwa ndi umene umakanda mwala anthu akamaupondaponda, kenako timakolopa ndi madzi ofunda othira sopo wochepa wotsukira mbale. Polishi wapansi ndinamuletsa, ndipo mdzukulu wanga amene ankafuna kundikondweretsa popaka pasitepe anakhala Loweruka lonse akumuchotsa, popeza amagwira fumbi n'kudetsa mwala. Mafuta ophikira atatayikira pafupi ndi mbaula, ndinakanda soda amene timathira m'therere ndi madzi pang'ono kukhala ngati phala lolimba, ndinamata pabangapo, ndinaphimba ndi pulasitiki masiku awiri, ndipo sodayo atauma anakoka mafuta ambiri. Kachiwiri banga linatheratu. Kumbali imene dzuwa silifika ndere imayamba msanga, ndipo timaichotsa ndi bulashi yolimba ya pulasitiki ndi madzi othira mankhwala oyeretsera zovala pang'ono, kenako n'kutsukuluza ndi madzi ambiri. Bulashi yawaya imasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri pamwala. Mankhwala oyeretsera zovalawo musawasakanize ndi viniga kapena asidi wina aliyense, chifukwa amatulutsa mpweya woopsa umene ungakupwetekeni m'mapapo.

Lisiti lija lokhala ndi dzina la mudzi ndi nambala ya chilolezo ndinalisunga m'Baibulo, ndipo pamsewu wonse kuchokera kwa wogulitsa mpaka pakhomo pathu panalibe amene analifunsa. Komabe ndikanati ndiyambirenso, ndikanalipempha tsiku loyamba lomwe lija ndinapita ndi botolo la madzi, lole ndisanaiitane. Miyala yomwa madzi ija sindinathe kuibweza, popeza kubweza kukanafuna hayala yachitatu, choncho tinaiyala pa kanjira kopita ku khola la nkhuku, ndipo ndi mvula ya sabata imodzi yokha yayamba kale kubiriwira. Ya pakhonde ndidzaithiranso madzi mu Meyi mvula ikadzatha, kuti ndione ngati mankhwala aja akugwirabe chiperoni chisanabwere.