Mbiri ya bizinesi yathu yosintha injini pakhomo

Mwezi uno tamaliza kubweza ngongole imene tinagulira kireni yathu yonyamulira injini, ndipo taona kuti ndi nthawi yabwino yolemba mbiri ya bizinesi yathu, makamaka pofuna kuyankha anthu amene amadabwa kuti n'chifukwa chiyani timayamba tabwera kudzaona pakhomo tisanavomere ntchito. Ife ndife amakaniko oyendayenda, ndipo ntchito yathu ndi kutsitsa injini yakufa ndi kukweza ina pakhomo pa mwini galimoto, popanda kuikokera kugalaja. Anthu ena amasankha njira imeneyi chifukwa kukoketsa galimoto yosayenda ndi ndalama zinanso, pamene ena amangofuna kuona ndi maso awo kuti injini imene agula ndi imenedi yalowa m'galimoto mwawo.

Tinayamba ndi bokosi la masipanala, jeke ndi tcheni buloko yobwereka, chida chokwezera katundu wolemera ndi tcheni, imene tinkaipachika pa miyendo itatu ya mapaipi achitsulo. Titapita kwa obwereketsa ndalama kuti atithandize kugula kireni, anatiuza kuti makaniko wopanda galaja alibe chikole, ndipo sanafune n'komwe kuona kope limene tinkalembamo ntchito zathu. Iwo ankafuna makoma ndi denga, ngati kuti makomawo ndiwo amamanga mabawuti.

Chimene chatisiyanitsa ndi anzathu ambiri ndi chakuti timayang'ana pansi tisanayang'ane galimoto. Injini ya masilinda 4 imalemera pakati pa makilogalamu 100 ndi 200, ndipo ikatuluka pamodzi ndi giyabokosi kulemerako kumawonjezeka. Kireni imene imanyamula katundu ameneyu imayenda pa timatayala ting'onoting'ono, ndipo miyendo yake yaitali imalowa kunsi kwa galimoto. Pakonkire posalala imayenda bwinobwino, koma padothi lofewa kapena pamiyala kathayala kamodzi kamatitimira, kireni n'kupendekera mbali imodzi injini ili m'malere. Pamalo otsetsereka imayamba kuyenda yokha, ndipo palibe munthu amene angaigwire ndi manja. Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti matani 2 amene amalembedwa pa kireni ndi a pamene mkono wake wafupikitsidwa. Mkonowo ukatalikitsidwa mpaka kumapeto, monga mmene zimafunikira kuti ufike pakati pa injini, mphamvu yake imatsika kufika pa makilogalamu 500. N'chifukwa chake pakhomo pamene palibe konkire timabwera ndi matabwa okhuthala n'kuyala poyenda kireni ndi poima masitandi, zitsulo zimene galimoto imakhalapo ikakwezedwa, ndipo pakakhala potsetsereka timapempha kuti galimoto ikankhidwire pena ntchito isanayambe, chifukwa injini ikatuluka kusuntha galimotoyo kumavuta.

Malo akutsogolo kwa galimoto nawonso timawayeza. Injini ikakwezedwa, kireni imayenera kubwerera m'mbuyo nayo, choncho timafuna mamita osachepera 3 opanda khoma, mtengo kapena ngalande. Pamwamba pamafunika mpata woti injini idutse pamwamba pa chitsulo chakutsogolo kwa galimoto, ndipo galaja za denga lalifupi zimakanika pamenepa ngakhale boneti itachotsedwa. Pali galimoto zina zokoka ndi matayala akutsogolo zimene injini yake imatsikira kunsi pamodzi ndi chitsulo chimene imakhalapo, ndipo zimenezi zimafuna kuti thupi la galimoto likwere m'mwamba kwambiri. Eni nyumba ena amatilozera mtanda wa denga kapena nthambi ya mtengo kuti tipachikepo tcheni, koma ife timakana mwaulemu, pakuti mtanda wa denga anauika kuti unyamule malata.

Nthawi yovuta kwambiri pa bizinesi yathu inabwera kudzera mwa wogulitsa injini. Mayi wina amene galimoto yake inali yodyera anatipatsa ntchito, ndipo wogulitsayo anatumiza chithunzi cha injini yolembedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5, yofanana ndi imene inali m'galimotomo. Analandira ndalama zonse n'kulonjeza tsiku, ndipo pofuna kuti mayiwo asataye nthawi, injini yakale inatsitsidwa kuti yatsopano ikafika ingolowa. Imene inafika inali 2NZ-FE, ya malita 1.3, imene munthu woyang'ana patali sangaisiyanitse ndi inzakeyo, ndipo tinaizindikira titapukuta nambala yodindidwa pa thupi la injini. Titamuimbira wogulitsayo anati injini ndi injini basi, kenako foni yake inasiya kuyankhidwa. Sabata yomweyo mwini tcheni buloko anabwera kudzaitenga chifukwa wina anamulonjeza zambiri, ndipo mvula inayamba galimoto ili pa masitandi, yofunditsidwa lona, mawaya ake titawakulunga m'mapepala apulasitiki. Anthu oyandikana nawo anayamba kunong'onezana kuti amakaniko aja agulitsa injini ya mayi, ndipo palibe chimene chimapha makaniko msanga kuposa mbiri yotere. Tinatenga ndalama zonse zimene tinkasungira kireni n'kugula injini yoyenera kwa munthu wina, tinamaliza ntchitoyo, ndipo tinakhala miyezi ingapo tikugwira tintchito ta mabuleki ndi oyilo kuti tiimenso. Wogulitsa uja akugulitsabe, ndipo tikumva kuti zithunzi zake n'zokongola monga kale.

Kuchokera nthawi imeneyo, sitimasula bawuti ngakhale limodzi injini yatsopano isanafike pakhomo ndi kuyesedwa. Timawerenga nambala yake tokha, timaizungulitsa ndi sipanala kuti timve ngati ikuyenda momasuka, timasuzumira kunsi kwa chotsekera oyilo, ndipo timaiyerekeza ndi yakale pa mapulagi a mawaya, masensa ndi pomangira. Timafunsanso ngati inachokera m'galimoto ya giya lamanja kapena ya otomatiki, chifukwa chitsulo chozungulira chakumbuyo kwa injini chimasiyana. Kompyuta ya injini nthawi zambiri timasiya ya mwini galimoto, popeza pa galimoto zambiri zamakono imagwirizana ndi kiyi, ndipo yachilendo ikhoza kukana kuliza injini. Timalangizanso eni ake kugula zina pasadakhale, monga silu yakumbuyo kwa injini, kilatchi, pampu ya madzi, ndi lamba wa timing pa injini zimene zili ndi lamba osati tcheni, chifukwa zinthu zimenezi zimasinthika mosavuta injini ili pansi, pamene ikalowa zina mwa izo zimafuna kumasulanso giyabokosi.

Za tsiku la ntchito sitinena zambiri. Timachotsa waya wa negetivu pa batire, timatsitsa mphamvu ya petulo m'mapaipi, timakhetsera oyilo ndi madzi a rediyeta m'zotengera zotsekeka, timajambula waya aliyense n'kumumata chizindikiro, ndipo mabawuti amalowa m'timatumba tolembedwa. Kompulesa ya mpweya wozizira timangoimasula n'kuimangirira pambali osatsegula mapaipi ake, kuti gasi woziziritsa wa m'mapaipimo asatayike. Koma pali zinthu zimene timapempha mwini nyumba mobwerezabwereza. Madzi a rediyeta amakhala ndi ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni, choncho ana ndi ziweto asayandikire. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya ndipo imakwawa pansi, choncho pasakhale moto kapena ndudu pafupi. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, ndipo poliza injini koyamba zitseko za galaja zikhale zotsegula chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Tikuthokoza kwambiri mayi aja, amene ngakhale anthu ankawauza kuti apite kupolisi, anatipirira mpaka galimoto yawo inalira, ndipo pambuyo pake anatitumizira abale awo ndi anzawo akuntchito. Tikuthokoza bambo amene anatiphunzitsa ntchitoyi tili anyamata, amene ankatikalipira tikaika sipanala padothi, ndipo mpaka lero amayankha foni tikakumana ndi injini yachilendo. Tikuthokoza a kagulu kosungitsa ndalama amene anatikhulupirira pamene obwereketsa ndalama aja anatikana, pakuti kireni imene tamaliza kulipirayi ndi ya thukuta lawonso. Tikuthokoza amayi akunyumba ndi ana chifukwa chopirira masiku amene munalibe kanthu m'thumba, komanso anyamata amene timagwira nawo ntchito, amene amanyamula matabwa olemera aja popanda kudandaula ndipo aphunzira kukana kufulumira ngakhale mwini galimoto ataima pambali n'kumayang'ana wotchi. Sitingaiwale makasitomala onse amene anatitsegulira zipata zawo, kutipatsa magetsi ounikira ndi kutisungira zida usiku.

Tsopano tili ndi kireni yathuyathu, choimikapo injini, masitandi, sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, ndipo sitidikiranso chida cha munthu wina. Ngati injini yanu yagwira, ikudya oyilo kapena ikugogoda, tiuzeni musanalipire wogulitsa aliyense, chifukwa tikhoza kupita nanu kukaiona, ndipo timakukumbutsani kutenga lisiti yolembedwa nambala ya injini, popeza m'mayiko ambiri kusintha injini kumayenera kulembetsedwa ku ofesi yoona za galimoto. Amene mukufuna kugwira nokha ntchitoyi timakubwereketsani kireni ndi masitandi, koma timayamba taona malo anu monga timachitira ndi wina aliyense. Polumikizana nafe, titumizireni chithunzi cha nambala ya injini imene ili m'galimoto mwanu, china cha pansi pamene galimotoyo yaima, ndi china choonetsa kutsogolo kwake ndi denga ngati lilipo, ndipo tidzapangana tsiku lobwera kudzayeza malowo.